Ana a masiku ano ndi ofewa, ngakhale Manoma akale ankalimba kuposa awa

Chikulunga67:
Anthu a pagulu pano ndili ndi dandaulo, ndipo ndinene poyamba kuti ine ndi wa Maule (Big Bullets) chibadwire ndiye a Manoma (Wanderers, Nyerere zija) musayambe kulumpha ngati mwaponda khala la moto, nkhaniyi ndi yathu tonse. Loweruka ndinatenga mdzukulu wanga wa zaka 11 kupita naye ku Kamuzu Stadium, ulendo wake woyamba kuti akaone mpira weniweni osati wa pa TV. Mpira uli mkati mfana ali weramu pa foni ya amake akusewera gemu ya mpira womwewo, chonsecho osewera amoyo ali patsogolo pake. Potuluka silipasi yake inaduka, ndinati vula uyende choncho tikakwere minibasi apo pa Chichiri, kamtunda kosakwana nkomwe mabwalo awiri a mpira, mwana analira misozi yeniyeni ati miyala ikubaya. Ine msinkhu umenewo ndinkachoka ku Ndirande wapansi, phazi lili mbee, kukaima pa geti kudikira kuti akatsegula chakumapeto tilowe ulere tione olo mphindi khumi zokha. M'bwalomo nazonso ndi zomwezo, munthu akangokhudzidwa pang'ono wagona, machira abwere, amuthire madzi, kenako wadzuka akuthamanga ngati palibe chinachitika. Ndiye funso langa ndi ili, kodi mmene tikulerera anamu tidzapezanso wosewera wolimba ngati Kinnah Phiri kapena Lawrence Waya? Ndipo ndivomereze ngakhale zikundiwawa, Jack Chamangwana anali wa Manoma koma anali mwala.

NyerereYaLali:
Madala mwayamba bwino koma mwathera pabwino kwambiri kkkkk, lero wa Maule watchula Jack Africa mwaulemu, ndajambula screenshot ndikaika mu fulemu.

Chikulunga67:
Iwe ndatchula Jack yekha, sindinati timu yako.

NyerereYaLali:
Timu yanga ndi imene inabala yanu madala. Wanderers 1962, inu munachoka kwathu mu 1967 kukayamba zanu, ndiye mukamakamba za ana osamva yambani ndi timu yanu, ndi mwana woyamba kuthawa pakhomo.

MauleWaNdix:
Mwana akaposa bambo ake ndiye kuti banja layenda bwino. 2004 tinatulutsa Orlando Pirates n'kulowa m'magulu a CAF Champions League, kusewera ndi Enyimba, Etoile du Sahel, Africa Sports. Inu nthawi imeneyo munali kuti? Ndipo pakati pa 2006 ndi 2017 ligi munkangoimva pa wailesi, zaka 11, mwana wobadwa chaka chomwe munatenga anafika sitandade 6 asanaoneko chikho kkkkk

NyerereYaLali:
2004 inali ndalama ya a Bakili Muluzi aise, ngakhale dzina munasintha kukhala Bakili Bullets. Thandizo litatha munabwerako m'magulumo kangati? Ndiwerengere.

AdminWaGulu:
Abale mafunso a madala sanayankhidwe, za 1967 tinakangana kale mwezi watha mpaka anthu awiri anatuluka pagulu. Tiyeni ku nkhani ya ana.

KochiWaMafana:
Ndilankhulepo ine poti ndimakhala ndi anawa tsiku ndi tsiku, ndili ndi katimu ka under 14 kuno chakumtunda kwa Bangwe, chaka chino ndi chachisanu ndi chitatu. A Chikulunga ndikupatsani ulemu wonse koma mdzukulu wanu si chitsanzo cha ana a Blantyre. Mwana amene ali ndi foni ya amake yosewerera gemu, silipasi, ndi agogo omulipirira pa geti ndi mwana wa mwayi. Pa ana 26 amene ndili nawo, amene ali ndi nsapato za mpira zakezake ndi 5, ena amabwerekana, wina avala phazi lamanja wina lamanzere, sindikuseka ayi. Ena amafika pa training atayenda tsiku lonse ndi beseni la mandasi, ena achoka koswa miyala ndi amayi awo, wina amatunga madzi a anthu pa kiosk asanapite kusukulu. Mwana ameneyo mukamuuza kuti ndi wofewa mwamulakwira. Ngati kuvutika kukanakhala kuti ndi kumene kumapanga wosewera, bwenzi Bangwe ndi Mbayani zikutumiza anthu ku Ulaya mwezi uliwonse.

Chimene chasowa si mavuto, mavuto alipo ochuluka mwina kuposa nthawi yanu. Chasowa ndi malo. Inu mukumbukire bwino, nthawi yanu mukatuluka pakhomo munkayenda masitepe angati kuti mupeze poti n'kuikapo njerwa ziwiri uku ziwiri uko? Paliponse panali bwalo. Pano pamene ine ndinaphunzirira mpira pali nyumba za lendi, pena anamanga tchalitchi, pena wina anazunguliza mpanda wa njerwa ati ndi puloti yake ndipo zaka zinayi zadutsa sanamangepo kanthu, udzu wokhawokha mkatimo ana akuyang'anira panja. Bwalo limodzi lomwe latsala timagawana matimu asanu ndi limodzi, kuphatikiza madala a social Lamlungu, kwaya ikafuna msonkhano wa panja ndiye kuti ife palibe, andale akabwera ndi matenti ife palibe. Mwana wanga amagunda mpira mwina maola atatu pa sabata. Inu munkagunda maola atatu pa tsiku. Kusiyana kwake ndi kumeneko, osati phazi losavala.

Chikulunga67:
Akochi mwalankhula zomveka koma phazi losavala musalinyoze. Chikulunga chija cha majumbo chomanga ndi linya sichidunda mofanana kawiri, ukachizolowera icho mpira wachikopa umakhala ngati wakuwerengera kale. Touch ya akale inkachokera pamenepo.

KochiWaMafana:
Pamenepo ndikuvomerezani, ndipo chikulunga sichinathe, pitani ku Chilobwe madzulo mukachiona m'tinjira. Koma m'kanjira ka mita imodzi ndi theka, uku ngalande uku kabaza wa njinga yamoto akuimba huta, mwana aphunzira chenga basi. Kuthamanga mtunda, kuponya mpira wautali, kuona mnzake ali patali, zimenezo zimafuna bwalo.

MakeTadala:
Ine ndiyankhe ngati mayi poti mukamati ana akuleredwa mofewa mukunena ife. Eya wanga sindimulola kusewera pamsewu ndipo sindipepesa. Mchimwene wanga anali dolo ku Chilomoni konse ankamudziwa, anathyoka mwendo ali fomu 1 pa mpira wobetcherana ndalama, akuluakulu omwewa olimbawa anati mwamuna salira, anamukoka mwendo pompo n'kumumanga ndi nsungwi, kuchipatala anapita patatha sabata ziwiri atatupa ngati mtondo. Mpaka lero amayenda motsimphina ndipo ali ndi zaka 44. Mukamawerenga olimba a nthawi yanu mumawerenga amene anapulumuka, amene anathera panjira ngati achimwene angawo simuwatchula. Ndiye inu mukufuna ndimutaye mwana ku msewu wa Chilomoni Ring Road ndi mmene njinga zamoto zikuthamangiramu kuti alimbe? Ayi zikomo.

Zingwangwa_Boy:
Asisi apa mwawaphula madala kkkk

Chikulunga67:
Mayi pepani za achimwene anu, zoterozo zinalipo sindikana. Ifenso chikhadabo cha chala chachikulu chinkachoka sabata iliyonse, timangothira dothi n'kupitiriza, pano ndikaganiza za kafumbata ndimaona kuti Mulungu ankangotisunga. Koma pakati pa kumukoka mwendo mwana ndi kumusunga m'nyumba ngati dzira payenera kukhala njira ina.

MakeTadala:
Njira ina ndi bwalo lotetezeka ndi munthu wamkulu woyang'anira, mundipezere ndimubweretsa ndekha.

NomaMpakaKale:
Koma a Maule mukamakamba zolimba mumatanthauza mpira kapena zibakera? Poti ine ndinakhalapo mbali yolakwika pa derby ndili mnyamata, ndinavala malaya a buluu osadziwa kuti mnzanga wandilowetsa pakati pa ofiira, ndinatuluka ndi vesiti yokha, malaya anandivula mwaulemu ndithu ati tikusungira.

MauleWaNdix:
Anakuchitira chifundo, ukanakhala wa ife pakati pa Nyerere bwenzi ndi vesiti yomwe.

MaiAChisomo_Soche:
Kwathu bambo ndi a Manoma ine wa Maule, zaka 16 m'banja. Tsiku la derby ndimaphikiratu m'mawa chifukwa tikawina sadya, akawina iwo ine sindiphika. Ana tinagawana, wamkulu ndi wanga wamng'ono ndi wawo, wapakati anati iye ndi wa Arsenal za kuno sizimukhudza.

NyerereYaLali:
Wapakatiyo ndiye vuto lenileni la dziko lino.

Zingwangwa_Boy:
Zoona zake pamenepo. Pitani mu video show iliyonse Loweruka masana, yadzadza ndi ana a sukulu akuonera Premier League, amadziwa benchi yonse ya Chelsea koma afunseni goloboyi wa Flames. Ndipo theka la iwo sakuonera mpira, akuonera tikiti ya betting ili m'manja, akufuna kona yachisanu ndi chiwiri basi. Mwana wa fomu 2 akudziwa ma odds kuposa masamu a mkalasi.

BankerWaKu47:
Ndadutsa ndaona a Blantyre mukulira. 2024 ligi inapita ku Silver Strikers ndipo kochi wake anali Peter Mponda, mwana wanu yemwe a Maule. Ana ofewa ali kwanuko, ku Lilongwe kulibe.

MauleWaNdix:
Uyu walowa bwanji muno? Admin gulu ili ndi la Blantyre. Ndipo usanalankhule uwerenge 2018, 2019, 2021, 2022, 2023, ligi kasanu kondondoza ndi kochi Kalisto Pasuwa, chaka cha 2023 makapu onse anayi. Inu kamodzi kokha mwayamba kale kuyenda m'magulu a eni ake.

NomaMpakaKale:
Pa nkhani yothamangitsa wa Silver ndili limodzi ndi Maule, lero lokha.

AdminWaGulu:
Asiyeni a Banker ndi mlamu wathu anakwatira ku Machinjiri. Tibwerere kwa ana.

Aphunzitsi_Chirimba:
Ndaphunzitsa ku pulayimale zaka 23 ndiye ndionjezere pa zomwe anena akochi. Kale mpira wa mwana sunkayambira ku kilabu, unkayambira kusukulu. Kunali tsiku la masewero sabata iliyonse, sukulu ndi sukulu zinkakumana, mphunzitsi wa masewero ankadziwa mwana aliyense wothamanga m'dera lonse, ndipo akuluakulu a matimu ankabwera kudzaonera mipikisano ya sukulu kudzasaka ana. Sukulu yaulere itayamba mu 1994 ana anachuluka kwambiri, chinthu chabwino ndithu, koma makalasi sanakwane ndiye midadada yatsopano inkamangidwa pati? Pa bwalo. Pena kalasi imaphunzirira pansi pa mtengo m'mphepete mwa bwalo lomwelo ndiye simungaimbe wezulo anzanu akuphunzira. Pano ndili ndi ana opitirira 100 mkalasi imodzi, mpira wa sukulu yonse ndi umodzi ndipo umakhala mu ofesi ya ahedi ngati satifiketi.

Chinanso ndi makolo, ndipo sindikuwadzudzula. Mwana akaweruka amapita ku part time mpaka 4 koloko, wa sitandade 8 ndiye Loweruka lomwe ndi holide yomwe, chifukwa aliyense akufuna mwana wake asankhidwe ku sekondale yabwino. Kholo limawerengera kuti mwa ana chikwi osewera mpira ndi angati adzadye nawo, ndipo likaona osewera akale ena mmene akuvutikira atasiya mpira limati iwe gwira buku. Inu a Chikulunga mdzukulu wanuyo atati agogo ndasiya part time ndizikasewera mpira madzulo aliwonse, mungavomere?

Chikulunga67:
Aphunzitsi funso lanu ndi la mayeso kkkk. Amake sangalole, ndipo fizi ya part time ndimalipira ndine.

Zingwangwa_Boy:
Ndiye wofewetsa mwana tamupeza, ndi agogo ake omwe.

Ama2000_Kachere:
Ine ndili ndi zaka 21 ndimasewera mu ligi ya m'chigawo, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma zandikwana. Madala athu mumakonda kunena kuti ndife ofewa koma bwerani mudzaone. Training 6 koloko m'mawa m'mimba muli tiyi wopanda mkaka, ndikatero ndikagwire ganyu yonyamula matumba mu Limbe kuti ndipeze ya transport ya gemu ya Loweruka, tikawina bonasi yake siikwana olo thumba la ufa la 5kg, ukavulala ndi zako timu imangoti uchire msanga mfana. Mnzanga bondo linatha chaka chatha, scan yokha ndalama yake anasonkha ndi a kutchalitchi kwawo. Ndiye mukaona munthu wagona pansi akudikira machira musamati ndi ulesi, akudziwa kuti mwendo umenewo ndi khasu lake ndipo ukathyoka palibe amene adzamuyang'ane. Komanso amene anagulitsa mabwalo aja kukhala mapuloti si ife, ife tinabadwa tinapeza mipanda. Ndi a msinkhu wanu omwewo.

NyerereYaLali:
Mfana wayankhula ngati loya. Ukusewera nambala chani, ku Lali Lubani tikufuna anthu olankhula chonchi kumbuyo.

Ama2000_Kachere:
Nambala 6 biggie, koma ndine wa Maule pepani.

NyerereYaLali:
Ndabweza mawu anga onse, ndiwe wofewa.

Chikulunga67:
Mwana wanga wa ku Kachere ndakumva ndipo sindikutsutsa za bondo. Koma kugona pansi kwina ndi kuba nthawi, tisanamizane, timu ikangotsogola 1-0 goloboyi amayamba kudwala mphindi zisanu zilizonse. Zimenezo kale anthu a m'ma stand omwe a timu yako ankakukuwiza.

NomaMpakaKale:
Madala apa ndiye mwanama, kuba nthawi kunalipo kalekale, ndi ball boy yemwe ankasowa ndi mpira timu ya pakhomo ikamatsogola. Ndipo olimba anu aja ndi omwe ankakana kulowera pa geti n'kumakwera mpanda kuopa kuti pakhomo pathiridwa mankhwala. Munthu wolimba amaopa mafuta a nkhumba?

MauleWaNdix:
Za kukwera mpanda musaloze timu imodzi, aliyense pano ali ndi mbiri yake kkkkk

NamwinoWaKuMudzi:
Ndimagwira ntchito ya za umoyo ndiye ndiponyepo mbali imene simunaikhudze. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno ndi opinimbira. Ana amenewo ndi omwe pano ali mu under 14 ya akochi a ku Bangwe. Kupinimbira kumachitika mwana ali m'mimba mpaka zaka ziwiri, ndipo msinkhu umene wataya pamenepo subwereranso olo mumuthamangitse phiri la Ndirande kawiri pa tsiku. Ndiye tikamaona Flames yaima pa mzere ndi Senegal anyamata athu akufika m'mapewa, si foni imeneyo, ndi mbale. Nsima ndi masamba, bonya mwa apo ndi apo, dzira mpaka pa Khirisimasi. Mwana wa ku Namiwawa amene mukumuti wofewayo thupi lake ndi limene lili ndi zomangira wosewera, kungoti sagunda mpira. Wa ku Mbayani amagunda mpira koma thupi linamanidwa. Tili ndi ana a mitundu iwiri ndipo aliyense ali ndi theka la zofunika.

KochiWaMafana:
Anamwino mwandikumbutsa, tsiku limene kusukulu kulibe phala ndimadziwira pa training, pakatha mphindi 20 ana ayamba kukhala pansi okha. Ndinasiya kuwakalipira nditazindikira.

BankerWaKu47:
Koma Senegal yomweyo tinalepherana nayo 0-0 mu AFCON ya ku Cameroon, aafupi omwewo.

MauleWaNdix:
Ndipo amene anatifikitsa mu ndime ya matimu 16 ndi Gabadinho, ziwiri ndi Zimbabwe, kenako chija anamuchinya Bounou wa Morocco ali kutali ngati akuchokera ku Lunzu. Anakulira timu iti? Ndingofunsa.

NyerereYaLali:
Ayamba. Joseph Kamwendo anapita ku Orlando Pirates kale Gaba asanalote nkomwe, ndipo Jack anali ku Kaizer Chiefs inu mukuyamwa.

Aphunzitsi_Chirimba:
Gemu ya Morocco yomweyo ikuyankha funso la a Chikulunga. Mtima tinali nawo, tinatsogola, koma anatibweza 2-1 ndipo chaka chomwecho cha 2022 anakafika mu semi final ya World Cup. En-Nesyri amene anatichinya chofananitsa uja anadutsa mu academy ya Mohammed VI kwawo, kumene mwana amagona pabwino, kudya katatu, dokotala ali pompo, sukulu ili pompo. Hakimi anakulira ku academy ya Real Madrid. Ndi ana oleredwa ngati dzira amenewo mwa kuyankhula kwanu, koma ndi amene anatitulutsa. Lamine Yamal anatenga Euro 2024 atangokwanitsa zaka 17, sindikukhulupirira kuti anayendapo chosavala kupita ku stadium.

Chikulunga67:
Nanga Sadio Mane? Si wa kumudzi ameneyo, wa fumbi ngati ife?

Aphunzitsi_Chirimba:
Wa kumudzi ku Bambali inde, koma sanachoke pa fumbi kulunjika ku Liverpool, anadutsa ku Generation Foot ku Dakar kenako Metz ku France. Fumbi linamupatsa njala ya mpira, academy inamupatsa zotsalazo. Ife timafuna fumbi lokha lichite ntchito zonse.

MakeTadala:
Ndipo mukungotchula amuna okhaokha. Olimba a m'badwo uno mukuwafunawo ndi atsikana, Tabitha ndi Temwa Chawinga, ana a ku Rumphi omwe anakula akusewera ndi anyamata. Tabitha anamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya Italy ali ku Inter, kenako PSG, kenako Lyon. Temwa ku America 2024 zigoli 20 ndi Kansas City n'kusankhidwa wosewera wabwino koposa mu ligi yonse. Scorchers inatenga COSAFA 2023. Amenewa si a nthawi ya Kamuzu ayi, ndi a masiku ano omwe mukuwanyozawa.

Zingwangwa_Boy:
Flames ingobwereka Temwa basi tione ngati CAF izindikire.

Chikulunga67:
Ayi pa ana a Chawinga ndavula chipewa. Koma mwaona, a ku Rumphi, kumudzi, kumene bwalo likadalipo ndipo mwana amayenda mtunda. Sanachokere ku Nyambadwe.

KochiWaMafana:
Ndiye mwafika pa mfundo yanga ija madala, mwangodzera njira ya ku Rumphi kkkk. Kumudzi bwalo lilipo, mu town muno latha.

GogoWaBAT:
Ndachedwa kulowa, adzukulu ndi amene amandiwerengera maso anafooka. Ine ndinaonera ndi maso anga 1978 pamene tinatenga chikho cha East and Central Africa pa Kamuzu Stadium pomwepa, 1979 tinatenganso, 1988 kachitatu. Mng'ono wanga Chikulunga ukunena zoona kuti anyamata aja anali olimba, koma waiwala chimodzi. Ambiri a iwo anali pa ntchito. Matimu anali m'manja mwa makampani, Bata, Yamaha, Limbe Leaf, Admarc, Hardware, wosewera m'mawa ali ku ntchito madzulo ku training, kumapeto kwa mwezi malipiro, ena nyumba ya kampani. Munthu wodziwa kuti olo athyoke mawa ana ake adya amalowa mu tackle ndi mtima wonse. Si kuti anabadwa ndi mafupa achitsulo ayi. Ndipo nafenso akuluakulu a nthawi imeneyo ankatinena kuti ndife ofewa chifukwa tinkakwera basi za kampani ya UTM pamene iwo ankayenda wapansi kuchoka ku Chiradzulu. Wina aliyense akakalamba mwana wa mnzake amaoneka wofewa.

Za Maule ndi Manoma ine ndinasiya kukangana, anzanga omwe ndinkatukwanizana nawo pa BAT ground ambiri anatsogola, ndipo pa maliro awo tinanyamula bokosi limodzi ofiira ndi abuluu. Koma ndikadali wa Noma, musandiyese ndatembenuka.

NyerereYaLali:
Agogo athu amenewo, nzeru zimakhala ku buluu nthawi zonse.

MauleWaNdix:
Agogo ulemu wanu, koma zigoli 71 za Kinnah mu Flames simunazitchulepo, kapena adzukulu adumpha mzere powerenga?

GogoWaBAT:
Kinnah ndinkamuda Loweruka n'kumukonda akavala ya dziko. Lemba choncho.

Chikulunga67:
Akulu anga a ku BAT mwandikhazika pansi. Za makampani ndinaiwaladi, bambo anga aang'ono ankagwira ku fakitale ina ku Makata ndipo ankasewera timu ya pa ntchito, Lachitatu ankaweruka msanga chifukwa cha mpira, bwana akudziwa. Komabe ine kamwana kolira miyala ya pa Chichiri sindinakamvetsebe, zimenezo musandichotse.

MakeTadala:
Phazi limene lakhala mu nsapato chibadwire lilira basi, inunso vulani lero muyende kuchoka pa Chichiri mpaka pa Ginnery Corner tione ngati mufike.

Zingwangwa_Boy:
Ndilipira ine minibasi ya gulu lonse kuti tikaonere zimenezi kkkkkk

Chikulunga67:
Ndili ndi shuga mayi, adokotala analetsa kuyenda chosavala.

NomaMpakaKale:
Machira abwere, madala agona okha osakhudzidwa.

KochiWaMafana:
Kkkkk asiyeni madala. A Chikulunga tiyeni tichite chonchi, Loweruka 8 koloko m'mawa bwalo ndi lathu mpaka 10, mubwere naye mdzukuluyo, foni isale kunyumba. Asavule nsapato, abwere ndi zomwe ali nazo, ndimuika ndi anzake a msinkhu wake ndipo pakatha mwezi mudzandiuze ngati ndi wofewa kapena sanapatsidwepo mpata. Make Tadala nanunso munati mukufuna bwalo ndi munthu wamkulu woyang'anira, bwalo lake ndi la fumbi ndipo mbali imodzi ndi yotsetsereka koma njinga zamoto sizidutsapo. Amene ali ndi mpira wakale kunyumba olo wophulika abweretse timasoketsa, pano tili ndi iwiri yokha.

MakeTadala:
Kuchoka ku Chilomoni mpaka ku Bangwe ndi minibasi ziwiri akochi, koma ndiyesa kamodzi ndione. Mundilembere ku inbox poti n'kutsikira.

NyerereYaLali:
Ine ndibweretsa mipira iwiri ndi ma bibs, koma ndi a buluu, ndikuuziranitu.

Chikulunga67:
Mipira tilandira. Mdzukulu wanga chabuluu savala, bola asewere chosavala malaya.

MaiAChisomo_Soche:
Samalani madala, wanga wamng'ono anayamba choncho, bib ya buluu tsiku limodzi lokha pano amagona ndi sikafu ya Noma.

Chikulunga67:
Akochi 8 koloko tafika, koma bib ndibweretsa ndekha.